Ana a ku Thailand amandimwetulira, a ku Cambodia amandiyankha

Abale amene tili limodzi kuno ku Asia pa ntchito ya uphunzitsi, lero mundipirire, ndili ndi kanthu kukhosi. Ndangofika kumene kuchokera ku Siem Reap ku Cambodia, komwe ndinakathandiza anzathu a mishoni kwa masiku 5 okha. M'masiku 5 amenewo makutu anga amva Chingerezi chochuluka kuposa chomwe amva m'miyezi 7 yomwe ndakhala ndikuphunzitsa kuno ku Chiang Mai. Mwina muti ndikukokomeza. Eya, ndathirako mchere, koma pang'ono pokha.

Inu mukuidziwa kalasi ya ku Thailand. Ana 40 a Mathayom 3 (chaka chachitatu cha sekondale), malaya oyera mbee, nsapato atazivula n'kuzindandalika pakhomo. Ukangolowa onse amadzuka n'kukupatsa moni ndi mawu amodzi, ngati kwaya yokonzekera bwino. Ndiye yesa kufunsa funso, ngakhale loti adya chiyani m'mawa. Zii! Maso onse pansi. Uyu akugunda mnzake ndi chigongono kuti ayankhe ndiye, uyo akuyang'ana cholembera ngati wachiona koyamba. Ukaloza mmodzi amangomwetulira, ndipo yankho lathera pomwepo. Chowawa n'chakuti mwana yemweyo ukamupatsa pepala la galamala amakhoza bwinobwino. Chingerezi ali nacho, koma anachitsekera m'mutu n'kutaya kiyi.

Ku Siem Reap ndisanaike n'komwe chikwama pansi, kamtsikana ka zaka mwina 12 kanali katandifunsa kale komwe ndachokera, ngati Malawi ili pafupi ndi Nigeria, ndili ndi ana angati, komanso chifukwa chiyani ndikutuluka thukuta chonchi pomwe ndine wa ku Africa. Chingerezi chake chothyokathyoka, koma chikuyenda. M'kalasi manja ali m'mwamba ndisanamalize funso. Wina analakwitsa, anzake anaseka, iye naye anaseka n'kuyesanso. Ndinatuluka m'kalasimo mawu atasasa, mtima uli mbee, koma mkati ndikuwaganizira ana anga a ku Chiang Mai ndi kamkwiyo.

Ndili m'ndege pobwerera (malire a pamtunda anatsekedwa chifukwa cha nkhondo ya m'malire ya mu 2025, nkhani ina imeneyo) ndinkazisinkhasinkha. Thailand ndi dziko lokhalo m'chigawo chino lomwe silinalamulidwepo ndi atsamunda, ndipo eni ake amanyadira zimenezi. Mwana wa kuno akhoza kuphunzira mpaka ku yunivesite, kupeza ntchito, kuonera TV, kugula zinthu pa intaneti, zonse m'Chithai chokhachokha. Ndiye Chingerezi kwa iye ndi phunziro la mayeso basi, ndipo mayeso a boma aja a O-NET ndi ongosankha yankho lolondola, palibe amene amakuuza kuti tsegula pakamwa. Pamwamba pa zonsezi pali chomwe amati sia na, kutaya nkhope, kuchita manyazi pagulu. Kulakwitsa pamaso pa anzako ndi chinthu chachikulu. Palinso kreng jai, mtima wosafuna kuvutitsa kapena kukhumudwitsa wamkulu. Mwana sanena kuti sanamve, chifukwa kutero kuli ngati kunena kuti aphunzitsi sanaphunzitse bwino. Ndinayesa kuwamasulira mwambi wathu woti safunsa anadya phula. Anagwedeza mitu mwaulemu, ndipo palibe anafunsa kuti phula n'chiyani.

Ku Cambodia zinthu n'zina. Dziko lija a Khmer Rouge, gulu lankhanza lomwe linkalamulira, analiphwasula kuyambira 1975 mpaka 1979, aphunzitsi ndi anthu ophunzira ambiri anaphedwa, sukulu zinatsekedwa. Linayambiranso pansi ndi mabungwe akunja komanso alendo odzaona kachisi wakale wotchuka wa Angkor Wat, mpaka lero dola ya ku America imayenda pamsika limodzi ndi riel yawo. Mwana wa ku Siem Reap amaona ndi maso ake kuti mkulu wake wodziwa Chingerezi ndi amene amagwira ntchito kuhotela kapena kuperekeza alendo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndipo apa ndivomere, kulimba mtima komwe ndinakusirira kuja mbali ina ndi umphawi. Sindingawafunire ana a ku Thailand njala kuti kalasi yanga ikome.

Ndivomerenso china, poti ndikapanda kutero mundinena kuti ndine wosayamika. Ulemu umene mphunzitsi amalandira kuno sindinauonepo kwina kulikonse. Pa Wai Khru, mwambo wolemekeza aphunzitsi, mu June, tsiku Lachinayi lija, ana anabwera chokwawa ndi maondo, atanyamula maluwa okonza okha, n'kuwerama mpaka chipumi pansi patsogolo pathu. Duwa lina amati dok khem, losongoka ngati singano, kutanthauza nzeru zakuthwa. Ine mwana wa kwathu, wozolowera kuti ulemu wa mphunzitsi ndi kumunyamulira makope, misozi inalengeza. Ku Cambodia nako amati lok kru, kutanthauza aphunzitsi, mwaulemu ndithu, koma phokoso lake, mayo! Theka la nthawi linkathera pa kuwakhazika chete. Za chakudya ndi misewu sindichedwapo, Thailand yapambana, ngakhale tsabola wawo amandikumbutsa kambuzi tsiku lililonse.

Koma chomwe chandisowetsa tulo kwenikweni si Chingerezi ayi. Ife tinabwera kuno ndi mishoni. Madzulo timakhala ndi kalasi yaulere kutchalitchi, ndipo timawauziratu makolo kuti tidzawerenga nkhani za m'Baibulo. Ana amabwera, amaimba, amasangalala. Ukawafunsa ngati amvetsa nkhani ya mwana wolowerera, onse eya. Ukafunsa ngati angakonde kuti tiwapempherere, onse eya. Miyezi yoyamba ndinkalembera abusa kwathu makalata odzaza ndi aleluya. Pano ndazindikira kuti eya ameneyu ndi mbale wake wa kumwetulira kuja. Sakufuna kundikhumudwitsa, ndine khru wawo, mphunzitsi wawo. M'mawa mwake mwana yemweyo ali ndi amayi ake m'mbali mwa msewu kuika mpunga m'mbale ya amonke, ndipo iye saonapo chachilendo.

Taganizirani izi. Amishoni a Chipulotesitanti anafika ku Bangkok mu 1828. Daniel McGilvary anafika kuno ku Chiang Mai mu 1867, zaka 8 Robert Laws ndi anzake asanafike ku Cape Maclear mu 1875. Anamanga sukulu ndi zipatala monga momwe anachitira kwathu, ndipo zina zilipo mpaka lero, monga chipatala cha McCormick ndi sukulu ya Prince Royal's College. Kwathu lero tchalitchi chili m'mudzi uliwonse. M'dziko la Thailand Akhristu ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mitundu ya kumapiri monga Akaren ndi Alahu. Athai analandira sukulu, analandira mankhwala, anathokoza mwaulemu, n'kukhalabe Abuda. Ndiye ine wa miyezi 7 ndimayembekezera chiyani? Ku Cambodia nakonso Abuda ndiwo ochuluka, koma kumeneko mnyamata wina anandifunsa maso ndi maso kuti ngati Mulungu wanga ndi wachikondi, anali kuti nthawi ya agogo ake, ya a Khmer Rouge ija. Funso limenelo linandikhalitsa pansi, komabe ndinalikonda kuposa eya 40.

Ena mwa inu mudzati ndikuweruza dziko lonse ndi kalasi imodzi. Mwinadi. Ndiponso ife sitinganyade kwambiri. Ambirife Chingerezi tinachiphunzira ndi mantha, kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse m'chilankhulo cha eni, ndipo kusukulu zina wolankhula Chichewa ankalandira chilango. Mwina ndi chifukwa chake chete wa ana awa amandipweteka chonchi, ndimaona ngati akukana chinthu chomwe ine ndinachivutikira. Chomwe timafanana nawo ndi nkhondo ya l ndi r. Tsiku lomwe ndinkawaphunzitsa kusiyanitsa malembo awiriwa, mphunzitsi mnzanga wa ku America anaima pawindo n'kumaseka mpaka kugwira nthiti.

Lolemba lapitali ndinalowa m'kalasi ndi ukali wa ku Siem Reap. Ndinati asiye mabuku, tipite kubwalo. Ndinawagawa matimu awiri a mpira, lamulo n'loti wina akalankhula Chithai timu inayo ipatsidwa penate. Kwa mphindi 10 ankasewera ngati osalankhula, kumangolozerana ndi manja. Kenaka ndinalola dala chigoli chomwe aliyense anaona kuti mpira unayamba watuluka. Mnyamata wina amene chiyambire May sindinamvepo mawu ake anandithamangira nkhope itafiira, n'kundikalipira m'Chingerezi ziganizo zitatu zathunthu, kuti ndine woyimbira wokondera ndipo maso anga ndi ofunika magalasi. Atazindikira zomwe wachita anaika manja pamodzi n'kuwerama kupepesa. Chigolicho ndinachikana, ndipo Lachitatu tikubwereranso kubwalo.