Akakweza malipiro ku Joni, werengani maola anu

Chaka chilichonse ikafika Febuluwale, magulu athu a WhatsApp amadzaza ndi uthenga woti boma la South Africa lakweza malipiro ochepetsetsa. Anthu amaombera m'manja, Malichi nkutha, envelopu nkubwera yofanana ndi ya Januwale. Maganizo anga ndi akuti kukwezako nkwabwino ndipo kuyenera kupitirira, koma ambiri mwa ife ogwira m'nyumba, m'magadeni, m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg ndi pa zomangamanga sitikulawa, chifukwa timapangana ndi bwana za mwezi pomwe lamulo limawerenga ola.

Lamulo la malipiro ochepetsetsa, la National Minimum Wage, lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, pa R20 pa ola. Nthawi imeneyo ogwira m'nyumba adawayika pansi, pa R15, ndipo a m'mafamu pa R18. A m'mafamu adafanana ndi ena onse mu 2021, a m'nyumba mu 2022 pomwe ndalama idafika R23.19. Mu 2023 idakhala R25.42, mu 2024 R27.58, ndipo pa 1 Malichi 2025 idafika R28.79. Masamu onse ali m'munsimu ndawachita ndi R28.79. Ikasintha mungolowetsapo yatsopanoyo, kawerengedwe kake nkomweko.

Sabata ya ntchito pa lamulo la kuno sipitirira maola 45. Maola 45 pa R28.79 ndi R1,295.55, ndipo mukachulukitsa ndi 4.333, omwe ndi masabata a m'mwezi, mumapeza pafupifupi R5,614. Tsiku la maola 8 ndi R230.32. Choncho achimwene a m'gadeni amene akulandirabe R200 pa tsiku lathunthu ku Fourways akulandira R25 pa ola, akuberedwa R30 ndi masenti tsiku lililonse. Bwana akanena kuti "ndimakupatsatu ya teksi ndi nkhomaliro", dziwani kuti lamulo silimaphatikiza ya thiransipoti, chakudya, malo ogona, matipi kapena bonasi powerenga malipiro ochepetsetsa. Zimenezo nzapadera. Ndipo akakuitanani nkukubwezani patatha maola awiri ati mvula, ayenera kukulipirani maola anayi, R115.16.

Pomwe pamapweteka kwambiri ndi pa achemwali ogona konko kuntchito. Tinene kuti mayi walonjezedwa R3,500 pa mwezi ndi chipinda chakuseri. Amadzuka 6 koloko kukonzekeretsa ana a sukulu, amatsiriza kutsuka mbale 7 koloko madzulo, ndipo ola limodzi ndi lopuma. Ndi maola 12 pa tsiku, 60 pa sabata ya masiku asanu, 260 pa mwezi. Gawani R3,500 ndi 260, mupeza R13.46 pa ola. Ndalama imeneyi sikufika ngakhale pa R15 ya 2019. Pa lamulo, maola 15 opitirirawo ndi ovataimu, ndipo ovataimu imalipidwa kamodzi ndi theka, R43.19 pa ola. Zonse pamodzi mayiyu amayenera kulandira pafupifupi R8,420. Chipinda chija bwana angachidule, inde, koma osapitirira 10 peresenti ya malipiro, komanso chikhale chosadontha, cha zenera ndi chitseko chokhomeka, pali chimbudzi ndi posambira. Lamulungu, ngati si tsiku lanu la ntchito la masiku onse, malipiro ake ndi owirikiza kawiri. Anthu ambiri akamva R3,500 amaiwerengera m'makwacha nkuona ngati chuma, osawerenga kuti agulitsa usana wonse ndi gawo la usiku.

Tsono pali chinyengo china chomwe chimabwera Malichi yemweyo. Dona amavomera bwinobwino kuti ndalama yakwera, kenako nkunena kuti kuyambira sabata yamawa uzibwera masiku atatu. Masiku asanu a maola 8 pa mtengo wa 2024 wa R27.58 anali R1,103.20 pa sabata. Masiku atatu pa mtengo wa 2025 wa R28.79 ndi R690.96. Nyumba ndi yomweyo, zochapa ndi zosita sizidachepe, zangopanikizidwa m'masiku atatu. Lamulo la National Minimum Wage lija limati bwana akasintha yekha maola kapena mgwirizano wa ntchito chifukwa cha kukwera kwa malipiro ochepetsetsa, imeneyo ndi nkhani yopita nayo ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana. Koma kunena zoona, ena mwa mabwanawa si ankhanza. Mphunzitsi kapena namwino amene walemba munthu woti azimulerera mwana nayenso akulira ndi magetsi ndi ngongole ya nyumba. Ziwerengero za bungwe la boma la Stats SA zikuonetsa kuti ntchito za m'nyumba, zomwe zinali pafupifupi 1 miliyoni Covid isanabwere, sizidabwererenso pomwe zinali. Sindingaike mlandu wonse pa malipiro, chuma chenichenicho chidafooka, koma amene amati kukweza kulibe mtengo wake nayenso akunama.

Nanga zoti malipiro akakwera katundu amakweranso? Apa ndimatsutsana ndi ambiri. Kukweza kwa 2025 kunali R1.21 pa ola, kutanthauza R9.68 pa tsiku la maola 8, pafupifupi 4.4 peresenti. Magetsi a Eskom adakwera ndi 18.65 peresenti mu 2023 ndi kupitirira 12 peresenti mu 2024, ndipo amene adavomereza ndi a NERSA, bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi, osati wosesa pabwalo. Mu Julayi 2024 City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Joni, idayika R200 ya mwezi ndi mwezi pa mamita a prepaid, VAT isanalowepo. Mastande samalipira yekha ndalama zimenezi, amazigawira alendi ake a m'zipinda zakuseri ndi m'mikuku. Teksi imatsata mtengo wa mafuta, ndipo ikakwera kutsika kwake nkovuta. Munthu wokwera mateksi awiri kupita ndi awiri kubwera, kuchoka ku Tembisa kapena Diepsloot, akangowonjezera R2 pa ulendo uliwonse ndiye kuti R8 pa R9.68 ija yapita asanagule ngakhale buledi. Bungwe la ku Pietermaritzburg lomwe limawerengera mitengo ya zakudya mwezi ndi mwezi lakhala likupeza kuti chakudya cha banja pa mwezi chimadutsa R5,000. Ikani pambali pa R5,614 ija muone chotsala cha lendi. Mitengo imathamanga payokha, malipiro amangoitsatira m'mbuyo akupuma wefuwefu.

Chomwe chimatimanga pakamwa ndi mapepala, tonse tikudziwa. Koma malipiro ochepetsetsa ndi a wogwira ntchito aliyense, lamulo silidati nzika zokha. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito lidagamula kuti mlendo amene pemiti yake yatha akadali wantchito ndipo malamulo a ntchito amamuteteza. Izi sizikonza nkhani yanu ndi a Home Affairs oona za mapemiti, musanamizidwe, ndipo mantha a munthu wopanda pemiti ndi omveka. Koma thukuta lomwe mudakhetsa kale liyenera kulipidwa.

Milandu yambiri imagwa chifukwa chosowa umboni. Gulani kakope ka sukulu, tsiku lililonse lembani deti, nthawi yoyamba, nthawi yowerukira, ndi ndalama yomwe mwalandira. Mauthenga a bwana oti "bwera Loweruka" musafufute. Ngati amakulipirani pamanja, mutumizireni uthenga womuthokoza wotchula ndalamayo ndi masiku ake, akayankha ndi umboni umenewo. Pepala la malipiro ndi ufulu wanu, ndipo wogwira maola 24 kapena kuposa pa mwezi amayenera kulembetsedwa ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikamuthera, 1 peresenti yanu, 1 peresenti ya bwana. Ena amadula ya UIF koma osaipereka, choncho kafunseni ku ofesi ya zantchito ngati dzina lanu lilipo. Ku CCMA simulipira kanthu, fomu yake ndi 7.11. Mukachotsedwa ntchito muli ndi masiku 30 okha oti mukadandaule, ndipo apa mpomwe ambiri amalephera, amayamba adikira kaye ati mwina bwana aziziritsa mtima. Kampani yonena kuti idakhululukidwa kulipira ndalama yonse ikuonetseni kalata yake. Chikhululukocho sichipitirira chaka chimodzi, ndipo sichitsitsa malipiro kuposa 10 peresenti.

Komanso tisamaphane tokha. Munthu akangotsika basi ku Park Station, wachibale amamupezera ntchito nkumuuza kuti avomere chilichonse. Iye akavomera R150 pa tsiku, mawa dona wa nyumba yoyandikana amafunsa wantchito wake wa zaka zisanu chifukwa chake akufuna R250. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse yotumizidwa pa Mukuru idayamba kuoneka yaikulu, ndipo R150 imamveka yokoma ukaiwerengera ku Mangochi kapena ku Mzimba. Koma lendi ya ku Cosmo City imalipidwa m'marandi. Mlendo wanu musanamuperekeze kwa bwana, muuzeni mtengo wa ola, mumugulire kakope kaja ndi cholembera.