Ngongole ya kuchipatala ikafika kukhoti ku Joni, kungodikira zaka zisanu si nzeru

Abale ndi alongo amene mukukhala ndi kugwira ntchito ku South Africa, pali malangizo amene afala pakati pathu ndipo akundidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akapeza kuti pa mbiri yake ya ngongole palembedwa chigamulo cha khoti chifukwa cha bilu ya kuchipatala, anzake amamuuza kuti angokhala chete, pakatha zaka zisanu zonse zidzafufutika zokha. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, ndipo n'chifukwa chake amasocheretsa anthu ambiri. N'zoona kuti malinga ndi National Credit Act ya 2005, makampani osunga mbiri za ngongole monga TransUnion, Experian ndi XDS saloledwa kusunga chigamulo chotere kupitirira zaka 5. Koma chimene chimafufutika ndi cholembedwa pa mbiriyo basi. Ngongoleyo imakhalabe yamoyo, chifukwa Prescription Act ya 1969 imapatsa ngongole yogamulidwa ndi khoti zaka 30, ndipo chiwongoladzanja chimakhala chikukwera, pamene mwini ngongole akhoza kubwerera kukhoti kukapempha kuti ndalamazo zizidulidwa ku malipiro anu a pamwezi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mmene zigamulo zambiri zoterezi zimaperekedwera. Munthu wagonekedwa m'chipatala cholipira, ndipo akutuluka akukhulupirira kuti medical aid, inshulansi yake ya zachipatala, yalipira zonse, osadziwa kuti dokotala wa opaleshoni, dokotala wogonetsa tulo ndi a labotale amatumiza mabilu awoawo, ndiponso kuti mitengo ya madokotala ena imaposa imene medical aid imavomera kulipira. Ife obwera timasamukasamuka, chaka chino ku Rosettenville, chaka chamawa ku Tembisa, koma chisamani chimapita ku adiresi imene munalemba pa fomu tsiku lija munalowa m'chipatala mukubuula ndi ululu. Khoti la majisitireti limapereka masiku 10 ogwira ntchito kuti munthu anene kuti adzadziteteza, ndipo masikuwo akatha popanda yankho, chigamulo chimaperekedwa mwiniwake kulibe. Ambiri amadzazidziwa patapita nthawi, akakanizidwa nyumba ya lendi, kontirakiti ya foni kapena ngongole ya kubanki.

Ngati ngongoleyo ndi yoona ndipo mungathe kuilipira, njira yake ndi yosavuta kuposa mmene anthu amaganizira. Kuyambira mu April 2014, chigamulo chimene ndalama zake zalipiridwa zonse chiyenera kuchotsedwa pa mbiri ya ngongole popanda munthu kubwerera kukhoti. Amene mwamulipira ali ndi masiku 7 oti adziwitse makampani aja, ndipo iwonso ali ndi masiku 7 oti achifufute. Pamapepala zili choncho, koma m'maofesi a maloya ndi a anthu otolera ngongole makalata amagona, choncho musachoke osatenga kalata yotsimikiza kuti mwamaliza kulipira, yokhala ndi nambala ya mlandu. Muitumize nokha ku kampani iliyonse, chifukwa kufufutidwa ku TransUnion sikutanthauza kuti kwafufutidwanso ku Experian. Lamulo limakupatsani ufulu woona mbiri yanu kwaulere kamodzi pachaka, ndipo mukadandaula kuti pali cholakwika, kampaniyo ili ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti ifufuze. Ikalephera kupeza umboni, iyenera kuchotsa cholembedwacho. Ikakunyalanyazani, dandaulo limapita ku National Financial Ombud Scheme, ofesi yomva madandaulo a zachuma, kumene simulipira kanthu.

Koma ngati chisamani sichinakufikireni, kapena ndalamazo zinali zoti medical aid ilipire, kapena biluyo inali itadutsa kale zaka 3 asanakusumireni ndipo inu simunaivomereze kapena kulipirako kanthu, musathamangire kulipira chifukwa cha mantha. Apa mpamene pafunika kupempha khoti lomwelo kuti lithetse chigamulo chake, njira imene maloya a kumeneko amaitcha rescission. Nthawi yake ndi yochepa: masiku 20 ogwira ntchito kuchokera tsiku limene mwadziwa za chigamulocho. Muyenera kufotokoza molumbira chifukwa chimene simunayankhire chisamani, ndiponso kusonyeza kuti muli ndi mfundo zenizeni zodzitetezera, pakuti kungonena kuti simunadziwe nthawi zambiri sikukwanira. Amene alibe ndalama za loya akayese ku Legal Aid South Africa kapena ku maofesi a m'mayunivesite othandiza anthu pa za malamulo (law clinics). Khoti likathetsa chigamulo, makampani aja akalandira chikalata chake ayenera kufufuta zonse zokhudza mlanduwo.

Ndikuchenjezeninso za anthu amene amamata mapepala m'misewu ndi kulengeza pa Facebook kuti amayeretsa dzina m'masiku awiri. Palibe munthu amene ali ndi khomo lakuseri lolowera m'makompyuta a makampaniwa. Ngati ngongole yalipiridwa, ntchito imene akukulipiritsaniyo mukhoza kuichita nokha kwaulere. Ngati sinalipiridwe ndipo khoti silinathetse chigamulo, ndalama zanu zangopita.

Maganizo anga ndi akuti lamulo lenilenilo likulakwitsa poika ngongole ya kuchipatala pamzere umodzi ndi ngongole ya mipando kapena ya galimoto. Wogula sofa pangongole amasankha yekha ataona mtengo, pamene mayi amene athamangira naye usiku kukachitidwa opaleshoni yobereka sanasankhe kanthu, ndipo mtengo amaumva atachira. Mbiri ya ngongole inapangidwa kuti ionetse ngati munthu amasunga mapangano ake, ndipo bilu ya matenda adzidzidzi sinena chilichonse pa zimenezo. Ku America, makampani a Equifax, Experian ndi TransUnion anasiya mu 2022 kulemba ngongole za kuchipatala zimene zalipiridwa, ndipo mu 2023 anachotsanso zosakwana madola 500. Awiri mwa makampani amenewa ndi omwewonso akugwira ntchito ku South Africa, choncho sindikuona chimene chingalepheretse National Credit Regulator, bungwe la boma loyang'anira za ngongole, kuwafunsa chifukwa chimene wodwala wa ku Johannesburg sakuchitiridwa chimodzimodzi.