Amalawi timawerenga, koma mabuku a alembi athu ali kuti?

Loweruka lapitali ndinaima pafupifupi ola lathunthu pakhonde la sitolo ina kufupi ndi depoti ya Mzuzu, kudikira kuti mvula ikate. A kuno mukuidziwa mvula yathu yamawawa ija, yongonyowetsa pang'onopang'ono mpaka chisanu chilowe m'mafupa. Pakhondepo pamakhala bambo wina wogulitsa mabuku. Amawayala pa chiguduli, ena amawatsamiritsa kukhoma, ndipo kumwamba kukangoda amawafunditsa pepala lapulasitiki n'kulipsinja ndi njerwa m'makona.

M'ola limenelo ndinaona anthu akuima, wina pambuyo pa mnzake. Mnyamata wa kabaza, aja kuno timati a sakaramento, anatsamiritsa njinga yake n'kunyamula kabuku kopanda chikuto kofotokoza za kuweta nkhuku, ndipo anafunsa mtengo kawiri. Mayi wina wobereka mwana ankafuna mapepala a mayeso akale a Sitandade 8. Mtsikana wina anagula buku lachikondi lothothoka masamba a kumapeto, akuti mathero ake akawafunsa kwa mnzake amene analiwerengapo. Koma amene anandigwira mtima ndi agogo ena ovala jekete lakale. Iwo anafika, kupereka moni, kutola buku lalikulu la mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kutsegula pamene panali kamtengo ka machesi, n'kuyamba kuwerenga chiimire. Atawerenga masamba angapo anasuntha kamtengoko, kubwezera buku pamalo pake, n'kutsanzika. Wogulitsayo anandiuza kuti amatero masiku ambiri, ndipo iye sawaletsa.

N'chifukwa chake mawu aja oti ukafuna kumubisira Mmalawi chinthu uchiike m'buku amandiwawa. Timawanena tokha, timaseka tokha, ndipo ana athu amamva. Ine sindiwavomereza. Anthu amene ndinawaona pakhonde paja ali ndi njala ya kuwerenga, ndipo amadya chimene chapezeka.

Funso langa ndi la chimene chapezekacho.

Ndinawafunsa bambo aja kuti, "Achimwene, la Legson Kayira muli nalo?"

Anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, "Ameneyo ndi wa ku Nigeria kapena wa ku Kenya, bwana?"

Nditawauza kuti ndi mwana wa ku Chitipa konkuno, anagwira pakamwa. Anati iwo amagulitsa zimene zabwera m'makatoni, ndipo m'makatonimo mumadzaza mabuku a kunja amene eni ake anathana nawo, kuphatikizapo aja ophunzitsa kulemera msanga ndi a alaliki otchuka. Sindikuwadzudzula. Munthu sagulitsa chimene sanachipeze kopikula. Koma ndinabwerera kunyumba ku Chibavi mtima uli wolemera, chifukwa buku ndinkafunalo likukamba za njira zimene zimadutsa m'dera lathu lomwe lino.

Kwa amene simukumudziwa, Legson Kayira anabadwira m'dera la Nthalire ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi, atanyamula Baibulo ndi buku lina limodzi, cholinga chake chili chokaphunzira ku America. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale, napeza buku la mayina a makoleji a ku America, nalembera kalata koleji ya Skagit Valley m'chigawo cha Washington, ndipo anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, kumene anapeza chilolezo cholowera ku America. Pambuyo pake anakaphunziranso ku yunivesite ya Cambridge ku England. Ulendo wonsewu anaulemba m'buku lotchedwa I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965, ndipo dzinali analitenga pa mawu a chilimbikitso a sukulu yake ya ku Livingstonia. Analembanso nthano zazitali zingapo asanamwalire mu 2012. Taonani kuti ngakhale m'kati mwa ulendo wake, chimene chinamutsegulira khomo ndi buku limene analipeza pashelefu.

Ndinkalifunira mwana wa mlongo wanga, amene ali Fomu 3 ndipo amakhala nafe. Pomaliza ndinalibwereka kwa aphunzitsi ena opuma ntchito ku Katoto. Analitulutsa m'sutikesi pansi pa bedi, litakulungidwa m'jumbo, masamba ake atasanduka achikasu, msana wake atamata ndi selotepi. Anandichenjeza katatu kuti ndisalipinde.

Nditampatsa mtsikanayo, mawu ake oyamba anali oti, "Amalume, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Ndinamuyankha kuti ayi. Analiika pambali masiku awiri. Tsiku lachitatu magetsi atazima, foni yake ilibe bandulo, analitsegula pogwiritsa ntchito tochi ya foniyo. Analimaliza m'mausiku atatu. M'mawa wake akukolezera mbaula anandifunsa kuti kuchoka kuno kukafika ku Nthalire ndi mtunda wautali bwanji, komanso ngati mayi ake a Legson anadzamuonanso mwana wawo. Mwana yemweyu kunyumba timamunena kuti ndi waulesi pa zowerenga. Chimene chinkasowa ndi buku lokamba za anthu ofanana naye, oyenda m'fumbi limene iye amalidziwa.

Ndipo alembi otere tili nawo ambiri, a mitundu yonse ya zolemba. David Rubadiri, mlakatuli amene ndakatulo yake ya mvula ya mkuntho imaphunzitsidwa m'masukulu a mayiko ambiri a mu Africa, anali kazembe woyamba wa dziko lino ku America ndi ku United Nations, kenaka anadzakhala mkulu wa University of Malawi. Masiku ake omaliza anakhala nafe mu Mzuzu muno, ndipo anamwalirira muno mu September 2018. Tinkapuma naye mpweya umodzi, koma yesani kufunafuna nthano yake yaitali ya 1967 yotchedwa No Bride Price m'tauni muno muone ngati simutopa. Walije Gondwe, mayi wa ku Mzimba, anatulutsa Love's Dilemma mu 1985 m'gulu la mabuku a Pacesetters, aja tinkabwerekana pansi pa desiki mpaka chikuto kutha. Atsikana athu lero akuwerenga nkhani zachikondi za ku London ndi ku New York osadziwa kuti mayi wa kwawo analemba zotere zaka 40 zapitazo. D.D. Phiri, wa ku Mzimba yemwenso, anathera moyo wake akulemba mbiri ya dziko lino ndi ya anthu ake otchuka, kuwonjezera pa nkhani zake za m'nyuzipepala, kufikira atamwalira mu 2019.

Za m'Chichewa ndiye zimandipweteka kwambiri. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapambana mphoto mu 1933 ndipo linamasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young, mmishonale wa ku Livingstonia. Tangoganizani, nthano yolembedwa m'chilankhulo chathu inawoloka nyanja agogo athu ali ana. Ife amene tinakula ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani kapena Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba tikudziwa kukoma kwa kuwerenga chiganizo n'kumva ngati akulankhula ndi azakhali ako. Palibe kutanthauzira m'mutu, mawu amangolowa. Koma buku la Chichewa kuno limakhala ndi moyo likakhala pa silabasi. Likangochotsedwapo limazimirira ngati mame, ndipo m'badwo wotsatira sulimva n'komwe dzina lake.

Pano ndiikepo mawu amodzi monga munthu wolankhula Chichewa amene wakhala kumpoto zaka zambiri. Anzathu a Chitumbuka vuto lawo ndi lalikulu kuposa lathu. Ku Khondowe amishoni a Livingstonia ankasindikiza mabuku m'Chitumbuka kalekale, koma kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi kwa zaka zambiri. Lero mwana wa ku Rumphi akafuna chowerenga m'chilankhulo cha amayi ake, kawirikawiri amapeza Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Ndikamalirira mabuku a Chichewa, sindiiwala kuti mnansi wanga akulira maliro aakulu.

Chifukwa chake n'chiyani? Si chinsinsi. Kampani yosindikiza mabuku imafuna kubweza ndalama zake, ndipo buku lotsimikizika kugulidwa ndi la kusukulu, chifukwa sukulu ndi makolo amagula mokakamizika komanso mochuluka. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo wa buku umakwera tsiku lomwelo. Mlembi wa nthano kapena ndakatulo amatsala yekha. Amasonkha ndalama zake, kusindikiza ochepa, kuitana abale ndi anzake ku mwambo wokhazikitsa bukulo, otsalawo n'kumayenda nawo m'chikwama. Akakhala wa ku Blantyre kapena ku Zomba, bukulo kuno silifika. Likafika limodzi, wina amalijambula pa fotokope kapena kulitumiza pa WhatsApp, mlembi osalandira ngakhale tambala. Ndikumvetsa chimene chimachititsa wophunzira wosauka kutero, komabe zotsatira zake n'zoti mlembiyo buku lachiwiri salembanso.

Pali chinanso chimene ife makolo timalakwitsa. Tinagawa mabuku pawiri: othandiza ndi otayitsa nthawi. A masamu, a sayansi ndi a zauzimu timati ndi othandiza. Mwana tikamupeza ndi nthano timamulanda n'kumuuza kuti akawerenge za nzeru. Ine ndikuona kuti mwana amene wazolowera kukhala pansi ndi nthano mpaka kuimaliza ndi yemweyo amene sadzaopa buku lonenepa la sayansi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka m'dera lawo, ndipo m'buku lina la za mphamvu ya magetsi anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo n'kupanga ake. Palibe mayeso amene ankakonzekera. Ankangowerenga chifukwa mtima unkafuna kudziwa. Lero nkhani yake ili m'buku lotuluka mu 2009 ndiponso m'filimu ya 2019. Chimene chinamuthandiza n'choti bukulo linalipo, pafupi, pamene mwana wopanda ndalama akanatha kulifikira.

Ndikakumbukira kuti kale boma linkaopa mabuku, ndimadabwa ndi pamene tafika. Ndakatulo za Jack Mapanje zotuluka mu 1981 zinachotsedwa m'masitolo, ndipo mwini wake anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Nthawi imeneyo anthu ankabisa mabuku m'madenga n'kumapatsirana mwakachetechete. Lero palibe amene akutiletsa, koma mabuku omwewo sakupezekabe pafupi ndi ife. Chimene chinkachitika ndi lamulo tsopano chikuchitika ndi kusasamala kwathu.

Ife a ku Mzuzu tikudziwanso kuti mabuku amatha usiku umodzi. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University ku Luwinga inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Ndikukumbukira anthu akuimirira m'magulumagulu m'mawa mwake, ena akupukusa mitu osalankhula. Buku limene likusindikizidwabe likapsa, mumagula lina. Koma limene linasiya kusindikizidwa kalekale, lotsala m'sutikesi ya aphunzitsi opuma ntchito, likapsa kapena likadyedwa ndi chiswe ndiye kuti lapita.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Kale ku Limbe a Popular Publications ankatulutsa timabuku ting'onoting'ono ta alembi a kuno, pa pepala wamba, pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale n'kugula. Tibwerere komweko. Eni makampani osindikiza akambirane ndi alembi kapena mabanja awo, atulutsenso mabuku akalewa mosafuna zokongoletsa, ndipo awapereke kwa anthu ngati bambo a pakhonde aja, chifukwa ndi pamene wowerenga weniweni amadutsa. Mu Mzuzu momwe muno muli Mzuni Press ndi Luviri Press amene akhala akutulutsa mabuku a mbiri ya mipingo ndi ya dziko lino, kusonyeza kuti ntchitoyi ndi yotheka kumpoto kuno. Nthambi ya National Library Service ilipo m'tauni, koma ndi angati mwa ife amene tinamugwirapo mwana dzanja n'kupita naye kukalembetsa? Nawonso alembi a lero alipo. Stanley Onjezani Kenani anafika kawiri m'ndime yomaliza ya mphoto ya Caine ya alembi a nthano zazifupi a mu Africa, mu 2008 ndi 2012. Shadreck Chikoti analemba nthano yochitika zaka mazana ambiri kutsogoloku. Upile Chisala akuwerengedwa ndi atsikana m'mayiko ambiri. Mukamva kuti mmodzi wa otere watulutsa buku, guleni ndi ndalama zanu, musadikire kuti wina akutumizireni pafoni.

Buku la aphunzitsi a ku Katoto lija ndimayenera kubweza Lachisanu, koma ndapita kukawapempha kuti andionjezere sabata ziwiri. Mwana wa mlongo wanga anauza anzake awiri a m'kalasi, ndipo akufuna kudzaliwerengera pakhomo pathu, poti ndaletsa kuti lituluke. Aphunzitsiwo avomera, angoti ndiwonjezere selotepi pamsana pake.

Tsopano mtsikanayo akufuna la Walije Gondwe. Ngati alipo mu Mzuzu muno, kaya ku Zolozolo, ku Mchengautuwa kapena ku Luwinga, amene analisunga, chonde andibwereke. Ndidzalikutira ndi pepala la khaki ndipo ndidzabweza ndekha pamanja.