Phiri la Zomba si chulu, alamu

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Lamulungu koma mtima wakana. Ndinena basi, wokwiya akwiye.

Tinali kwa mayi ku Matawale titaweruka kutchalitchi. Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, angofika kumene kuchokera ku Bali, ku Indonesia uko. Anapitira msonkhano wa kuntchito, misonkhano ija ya maalawansi, ndiye utatha anakagona pa hotela ina kum'mawa kwa chilumbacho, moyang'anizana ndi phiri lophulika lotchedwa Agung. Nsima isanapse foni inali itazungulira kale khonde lonse. Ichi ndi chipinda changa. Ili ndi dziwe losambiramo, kumunsiko ndi minda ya mpunga. Uyu ndine, ndikumwa madzi a kokonati. Ilo kumbuyoko ndiye phirilo. Zithunzi zokongola ndithu, ndipo tonse tinkangoti eee, kumeneku ndiye kwabwino. Panalibe wansanje pakhondepo.

Kenaka mwana wanga wa Sitandade 4 analoza phiri lathuli, paja ukakhala pakhonde pa mayi limakhala pamaso pako penipeni, n'kufunsa kuti, "Ankolo, phiri lanulo ndi lalikulu kuposa ili?" Alamu anaseka mpaka kutsamira khoma. "Iwe, ili ungati phiri? Ichi ndi chulu. Kuno ku Malawi kulibe choti munthu n'kuona."

Chulu!

Mayi anangoti zii n'kulowa kukhitchini. Ine ndinaluma mlomo, chifukwa mlamu sungamudule mawu pamaso pa ana ndi apongozi ake. Koma chimene chinanditentha mumtima n'chakuti mawu amenewa ankawanena atagwira kapu ya madzi a pampopi. Madzi amenewo amachokera kuti? Ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa chulu chomwecho. Amene anasamba m'mawa popita kutchalitchi ndi omwewo. Amene achemwali anachapira malaya amaluwamaluwa amene anagula ku Bali aja ndi omwewo. Munthu ukumeza madzi a phiri, pakamwa pomwepo n'kumatulutsa chipongwe chonyoza phirilo. Asa!

Musandimve molakwa. Agung ndi lalitali, mamita ake amapitirira 3,000, likufanana ndi Sapitwa wa ku Mulanje, pomwe nsonga ya Malumbe kuno ndi mamita 2,087. Alamu akanangomuyankha mwanayo kuti eya, lija ndi lalitali, nkhani ikanathera pomwepo ndipo ine sindikanalemba izi. Vuto si kutalika. Vuto ndi kunyoza. Vuto ndi matenda athu aja akuti munthu akangodinditsa pasipoti kamodzi, zonse za kwawo zimasanduka zinyalala. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Tikiti inali ya ofesi, alamu, ya ofesi.

Ndipo chimene anakalipira ndalama zakunja kumeneko n'chiyani kwenikweni? Kudzuka m'mawa, kutsegula katani, n'kuona phiri litavala nkhungu. Basi. Chinthu chimene iwowo amachiona ulere tsiku lililonse akamatulutsa galimoto pageti, koma sanakwezepo maso. Ku Bali anadzuka 5 koloko m'mawa kuti ajambule dzuwa likutuluka. Kuno 5 koloko imawapeza akuliza mkonono, phiri lili panja likuchita zomwezo popanda wolijambula.

Iwo omwe anatifotokozera kuti m'mawa uliwonse mtsikana wogwira ntchito pahotelapo ankabwera ndi timadengu ting'onoting'ono toluka ndi masamba, muli maluwa, timpunga pang'ono ndi kamtengo ka lubani kakufuka, n'kumaika pakhomo ndi pamasitepe. Ankafotokoza mosilira zedi, ati anthu aja amalemekeza zinthu zawo. Eya, amalemekeza! Phiri la Agung kwa iwo ndi lopatulika, kachisi wawo wamkulu wa Besakih anamumanga m'mbali mwa phiri lomwelo. Ndipo si kuti phirilo limawachitira zabwino zokhazokha ayi. Mu 1963 linaphulika n'kupha anthu opitirira 1,000, midzi inakwiririka. Mu November 2017 linayambiranso kulavula phulusa, anthu masauzande ambirimbiri anathawa m'nyumba zawo kukagona m'misasa, bwalo la ndege la ku Denpasar linatsekedwa, alendo ngati alamu angawa anangoti kakasi ndi zikwama zawo. Phiri lowapha, lowasamutsa, koma pitani mukamufunse mwana wa kumeneko ngati anamvapo malume ake akulitcha chulu. Ife lathu limatimwetsa, limatipatsa kamphepo kozizira mu October anzathu a ku Liwonde akupsa, ndiye malipiro ake ndi kulitukwana pamaso pa ana.

Mwaona ulemu wa eni ake, mwausilira, mwaujambula, koma pokwera ndege mwausiya komweko. Mwabwera ndi malaya okha.

Ndikufuna ndifunse, osati alamu okha, koma nonsenu a kuno ku Zomba amene mumakonda mawu oti "kulibe choti n'kuona". Munakwera liti komaliza? Sindikunena ulendo wa wekishopu uja, wotsika m'basi n'kulowa m'holo, kudya, kusaina alawansi, n'kutsika mdima utagwa. Sindikunenanso zokajambulitsa zithunzi za ukwati padamu n'kuthamangira ku resepushoni. Ndikunena kukwera ndi miyendo yanu, kudzera njira ija ya mbatatesi imene amayi amatsikira atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, thukuta lili kamukamu, iwe wopanda katundu ukupuma ngati ufa. Alamu anga akhala mu Zomba muno chiyambire ali ku Chanco. Afunseni njira ya ku Dzenje la Chingwe muone mmene akandire m'mutu.

Kulibe choti n'kuona? Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, dziko la mapiri okhaokha, inabwera mu 1965 n'kukaima pamalo amene mpaka lero timati Emperor's View, ndipo ma Rasta amakwerabe kumeneko kukakumbukira. Pafupi pomwepo pali Queen's View, dzina lochokera pa ulendo wa mayi wa Mfumukazi ya ku Britain mu 1957. Mukaima pamenepo kukakhala kowala, tauni yonse ili pansi pa mapazi anu, msika, Chanco, mtsinje wa Likangala ukukhotakhota, kutsogolo Nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo kutali uko Mulanje atangoti njo. Mukazungulira mbali ya kwa Chingwe, phiri limangoduka mwadzidzidzi, pansi penipeni chigwa cha Shire chili tantha, mphepo ikukukankha pachifuwa moti chipewa uyenera kuchigwira. Dzenje lenilenilo ndi lobisika m'mitengo, lakuda bii, ukaponyamo mwala umangodikira, ndipo akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Ku mathithi a Williams madzi ake ngozizira moti ukaviika phazi mano amachita dzanzi. Ndiye wina azinena kuti chulu.

Nanga anyamata aja a m'mbali mwa msewu wokwera? Galimoto isanaime n'komwe afika kale pawindo, tizibeseni ndi timadengu tili m'manja, masitiroberi ofiira psuu atawasanja mwaluso, aakuluakulu pamwamba, ang'onoang'ono abisala pansi, paja malonda ndi malonda. Wina magalagadeya, wina mabulosi, wina miyala yonyezimira atayala pathumba. "Bwana, tengani awa, ndathyola m'mawa womwe uno." Alamu akanakumana ndi zimenezi ku Indonesia bwenzi foni itadzaza mavidiyo, ati onani chikhalidwe. Kuno amakweza galasi la galimoto.

Mwina chimene chikuwasowa ndi moto. Phiri lopanda moto kwa iwo si phiri. Chabwino, apite ku ofesi ya Geological Survey, ili mu Zomba momwemuno, akawauze kuti miyala ya phiri lathuli inali yosungunuka ndi moto pansi pa nthaka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, inaumira konko, nthaka ya pamwamba n'kukokoloka mpaka thanthwe linatsala poyera. Moto lidauona kale, lidapola. Akufuna akasupe a madzi otentha? Ali ku Nkhotakota, ali ku Chiweta. Akufuna phiri lophulika lenileni? Angodutsa Songwe, mapiri a Rungwe ku Tanzania ali pompo kumpoto kwa Karonga, osafuna ndege. Ndipo asanayambe kusilira moto, akacheze ndi asilikali athu amene anakagwirako ntchito kum'mawa kwa DRC, awauze za Goma, kumene phiri la Nyiragongo linatsitsa chiphalaphala cha moto mpaka m'kati mwa mzinda mu 2002, n'kubwerezanso kuphulika mu 2021. Phiri lophulika limakoma ukamaliona uli m'dziwe la hotela, tikiti yobwerera ili m'chikwama. Kwa mlimi wa m'munsi mwake si chithunzi ayi.

Ndipo lathuli musaliyese lofatsa kwambiri. Funsani agogo za Napolo wa mu December 1946, mvula itagwa osalekeza, phiri litang'ambika, miyala ndi mitengo zikutsika ndi madzi, milatho kukokoloka, anthu kufa mu Zomba muno, nthawi imeneyo kuli likulu la dziko. Amene anaona zimenezo sankaloza phirili mwachibwana. Ndipo tonse tikukumbuka zimene mapiri anachita ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe nthawi ya Freddy mu March 2023. Chulu chimachita zimenezo?

Utsi ndiye tili nawo, alamu, musadandaule. Dikirani September. Usiku mukatuluka panja mudzaona mzere wofiira ukuyenda m'mbali mwa phiri, m'mawa phulusa likugwera pa zovala zoyanika, fungo la paini wopsa lili tauni yonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Bali phiri limadziyatsa lokha, kuno timaliyatsa ndife. Ena ati osaka mbewa, ena ati amakala, ena ati okwiya ndi za malipiro, zilibe kanthu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti chinthu chimene mwachitcha chulu simungachizimire moto. Mumangoima pakhonde manja ali m'thumba n'kumati "kwayakatu kuphiri", kenaka n'kulowa kukaonera mpira. Malo amene tili ana munali mdima wa mitengo masana, lero ndi zitsa zokhazokha. Kunyoza kumayamba, nkhwangwa imatsatira.

N'chifukwa chake mawu aja andiwawa chonchi. Akanawanenera ku bawa, kwa akuluakulu anzawo, ndikanangoti mowa. Koma anauza mwana. Mwana wa zaka zosakwana khumi amene anafunsa ndi mtima wonse, akunyadira phiri la kwawo, n'kumuseka pagulu. Madzulo ake tikubwerera kunyumba anandifunsa kuti, "Adadi, ndiye kuti lathuli ndi lonama?" Mwamva zimene mwadzala, alamu? Mwana ameneyu akadzakula adzasunga ndalama za ndege kuti akaone phiri la eni, la kwawo ali kulipatsa nkhongo. Adzakhala ngati munthu wochita manyazi ndi mayi ake omubala chifukwa waona mayi a mnzake atavala ndolo. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Pitani ku Bali, palibe akukuletsani. Pitani kawiri, katatu, mutitengereko ndi ife malaya. Mukagone pafupi ndi phiri lofuka utsi, musambe m'dziwe, mujambule mpaka foni idzaze. Koma mukatsika pa Chileka n'kudutsa Namadzi ndi Thondwe, phiri lija likayamba kuonekera kutsogolo, muzitseka pakamwa. Kuyamikira kwa eni sikufuna kuti utukwane kwanu. Munthu angathe kunena kuti kuja n'kokongola osawonjezera kuti kuno n'kuchabe. Zovuta pamenepa n'chiyani?

Tsono inunso eni malo ogona alendo m'mbali mwa phirimu, musaombe m'manja ngati ndili mbali yanu. Mwezi watha ndinatenga akazi anga kuti tikangomwa tiyi pamalo ena, sinditchula dzina. Tinapita pa kabaza wa njinga yamoto chifukwa galimoto tilibe. Mlonda pageti anatiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kufunsa kuti, "Mukufuna ndani?" Ndinati tikufuna tiyi. Ati, "Muli ndi bukingi?" Bukingi ya tiyi! Tili chiimire pomwepo panafika azungu awiri wapansi, makabudula ong'ambika, nsapato zili matope okhaokha, geti linatseguka lokha ndi sailuti pamwamba. Titalowa tinakhala mpaka akazi anga anayamba kuyasamula, woperekera zakudya akungotidutsa ngati mipando. Pobwera ndi pepala la mitengo, chipinda analemba m'madola. M'madola, pa phiri la Zomba, kwa munthu wolandira makwacha amene wabadwira pa Sadzi apa. Mwezi wa February mvula ikamagwa, azungu kulibe, zipinda zili mbee, mumayamba kulira pawailesi kuti Amalawi sakonda kuyendera dziko lawo. Mlonda uja ndiye mumuuze kaye.