Akuti amalume sanasiye kanthu

Ndakhala chete masiku anayi polemekeza maliro, koma lero ndilankhula. Amene akwiye akwiye.

Loweruka tinaika amalume anga, amisiri a magetsi, kumanda a Chingwere. Titabwerera kunyumba ya maliro ku Matero, tasamba m'manja pageti, azibambo akhala mutenti, munthu wina wamkulu ndithu, wachibale amene anabwera pa galimoto ya magalasi akuda, anatsamira mnzake n'kunena osatsitsa ngakhale mawu: "Koma munthuyu zaka zonsezi pantchito, sanasiye kanthu. Kanyumba aka basi. Ankangotaya nthawi ndi za yuniyoni." Ine ndinali kumbuyo kwake, beseni la nsima lili m'manja. Ndikanakhala wosaleredwa ndikanamukhuthulira pamutu. Koma anandilera ndi omwewo amene ankawanyozawo, ndiye ndinaika nsima pansi mwaulemu n'kuchoka.

Sanasiye kanthu? Inu achikulire, babu limene linkakuunikirani usiku wonse mutentimo mukusimba za mapuloti anu, waya wake unachokera m'nyumba imene amalume anaikamo malaiti ndi manja awo. Nyumba imeneyo anaigula 1996, nthawi imene a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Anzawo ena atangolandira mapepala anagulitsa, ndalama n'kuthera ku bala. Iwo ayi. Mpaka lero azakhali akugona momwemo, palibe landilodi wowagogodera pa 1. Ndiye mukuti kanthu n'chiyani?

M'kanyumba mukukanyozako tinakuliramo ana 7. Asanu awo, awiri ife a mlongo wawo. Amayi atamwalira amalume anakwera basi kupita ku Katete, n'kubwera nafe tili ndi kachikwama kamodzi. Sindinamvepo tsiku ndi limodzi lomwe mawu oti "mwana wa eni". Tsiku lolandira ankafika kunyumba dzuwa lisanalowe, ovolosi ikununkha thukuta ndi tepi yopsa, n'kuika payslip patebulo pamaso pa azakhali. Poyera, osabisa ngwee. Ine ndili Giredi 5 ndinkawerenga mizere ya zodulidwa, ndipo ndinawafunsa kuti kandalama ka yuniyonika amakadulirani mwezi ndi mwezi. Anangoseka, amvekere: "Mphwanga, mutu umodzi susenza denga. Kadye." Tonse 7 tinamaliza Giredi 12. Tonse. Ndiye wina aime pakhomo pomwepo, pakamwa pali mafuta a nkhuku ya maliro, azinena kuti sanasiye kanthu!

Za yuniyonizo ndiye musandiyambe. Mukuti ankataya nthawi? Ntchito ya magetsi si ya muofesi yoti ukalakwitsa umafufuta. Waya sakhululuka. Kukampani kumene ankagwira, anyamata ankakwezedwa pamakwerero opanda magolovesi, nsapato zobooka, ena zaka zitatu akulembedwabe ngati aganyu. Amene ankapita kukamenya tebulo kwa mabwana ndani? Mnzawo atapsa dzanja pa bolodi chifukwa wina anayatsa switch asanafunse, amene anayenda ndi mapepala ake ku Workers' Compensation, ofesi ya chipukuta misozi cha ovulala pantchito, miyezi ndi miyezi, pa basi, ndalama yotuluka m'thumba mwawo, ndani? Bambo ameneyo anabwera kumaliro. Anakhala pakona, dzanja lopinimbiralo lili pabondo, akulira ngati mwana. Achikulire a galimoto sanamuone n'komwe. Ankaona kuchepa kwa nyumba.

Inde, sanakwezedwe. Ufolomani unkawadutsa n'kupita kwa anyamata amene iwo omwe anawaphunzitsa kugwira tesita, chifukwa mabwana sakonda munthu wa pakamwa. Malipiro analinso ochepa, kwacha n'kumagwa, zimenezo tonse tikuzidziwa. Koma musaiwale kuti dziko lino linatembenuzidwa ndi anthu a maovolosi omwewa. Chiluba uja asanalowe ku State House mu 1991 anali wapampando wa ZCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni, kuyambira 1974, ndipo a Kaunda anamutsekerapo mu 1981. Ankamunyamula pamapewa ndi anthu ngati amalume, odulidwa kandalama mwezi ndi mwezi. Lero muli ndi zipani zambirimbiri, mukutukwana boma pa Facebook osaopa, n'kumati a yuniyoni ankataya nthawi. Manyazi mulibe?

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Dikirani muone.

Chaka cha 2024 chija, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akupita mpaka maola 21 patsiku, Lusaka yense anasanduka wamagetsi. Aliyense jenereta, aliyense inverter, aliyense sola padenga. Amalume anali atapuma kale ntchito, mawondo akuvuta, koma ankayenda mumsewu mwathu nyumba ndi nyumba ndi kabokosi kawo kachitsulo. Ndinawaperekeza tsiku lina kwa aneba ena amene anapanga chingwe cha mapulagi mbali zonse ziwiri, kwina mu jenereta, kwina mu soketi ya pakhoma. Amalume anazimitsa jenereta osapempha, anazula chingwecho, n'kuchidula pakati ndi pulayazi mwini wake akuona. Kenako anakhala naye pansi pa sitepe n'kumufotokozera bwinobwino kuti moto umenewo sukhala m'nyumba mwake mokha, umabwerera mu waya mpaka kupolo, ndipo mnyamata amene wakwera kukakonza poganiza kuti layini yazima amafera pomwepo. Mawa lake anabwera kudzamuikira changeover switch, yoletsa moto wa jenereta kubwerera kupolo. Analipiritsa ya zipangizo zokha. Mnyamata amene sanafe papolo tsiku limenelo sakudziwa n'komwe dzina la amalume, ndipo sangalembedwe pa pulogalamu ya maliro. Koma ali moyo penapake, akudya nsima ndi ana ake. Chimenecho si kanthu?

Vuto lathu ndi limenelo. Munthu timamuyeza ndi mpanda wa waya wamagetsi, osati ndi amene anaika wayayo. Wakuba akafa atasiya mafulati ku Chalala timati anali wolimbikira. Wolungama akafa atasiya ana ophunzira, mkazi wosadziwa mbama, ndi msewu wonse wopanda nyumba yopsa, timati sanasiye kanthu. Zaka 41 m'banja, azakhali sanapiteko kwa ankhoswe ndi nkhani ya chibwenzi kapena ya mwana wakunja. Kumanda kuja tinadikira, monga mwa masiku ano, kuti mwina patulukira mayi wina ndi ana ofanana ndi malemu. Palibe. Inu achikulire, tsiku lanu likadzafika tidzafunika matenti angati?

Ndipo chondinyansa kwambiri n'chakuti omwewo oti sanasiye kanthu, Lamlungu m'mawa pa msonkhano wa banja anali oyamba kufunsa za mapepala a nyumba. Wina wafunsa za penshoni ya ku NAPSA. Wina maso ali pa firiji. Ngati sanasiye kanthu mukufuna chiyani? Lamulo la 1989 lija la chuma cha masiye lilipo, silinafe ndi amalume: ana 50 peresenti, mkazi 20, makolo 20, odalira malemu 10, ndipo nyumba ndi ya mayi ndi ana. Dzina la mlamu mulibemo. La msuweni mulibemo. Azakhali ndi ofatsa, amangoti "asiyeni, mwanangu", koma ine si azakhali.

Komanso amene wanyamula kabokosi kachitsulo ka amalume kuchipinda Lachisanu usiku, anthu ali kalikiliki ndi nyimbo, abweze. Muli megger yawo yoyezera mawaya, pulayazi ya chogwirira chofiira chokulungidwa tepi, ndi khadi lawo la yuniyoni. Wamng'ono wathu ali chaka chachiwiri ku koleji ya zamagetsi, zida zimenezo ndi zake. Tinakuona. Ndakupatsa mpaka Lachitatu.