Chisa cha namzeze pakhonde panga sichigwetsedwa

Dzulo tinasemphana mawu pang'ono ndi mayi akunyumba. Nkhani yake ndi chisa cha anamzeze chomwe chili pakona ya khonde, m'mwamba pafupi ndi malata. Iwo akuti tipake laimu Khirisimasi isanafike, ndiye "chimatope icho" chichoke. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe.

Chino ndi chaka chachinayi mbalamezi zikubwera pamalo omwewo. Chizimalupsa chikangogwa ndimayamba kutchera khutu. Tsiku lina m'mawa ndimangowaona atatera pa waya woyanikapo zovala, awiriwiri, mutu wofiirira, pachifuwa mizeremizere. Sachedwa ndi moni. Amayendera chisa chakale, kuona pomwe pagumuka, kenako ulendo wa ku chithaphwi cha pamjigo. Amatapa dothi ndi mlomo, kochepa ngati njere ya nandolo, kudzamata, kubwereranso. Ndinayesapo kuwerenga maulendo awo, koma ndinasokonezeka tiyi asanazizire n'komwe. Pomaliza chisacho chimaoneka ngati mphika wodula pakati woumatiza kudenga, chili ndi kakhomo kotalika ngati khosi la botolo. Zonsezi popanda levulo kapena chingwe! Ndiye munthu angobwera ndi mpini wa tsache, ntchito ya masabata ithe pa mphindi imodzi?

Zoti amaipitsa sindikutsutsa. Mazira akaswa, pakatha masabata awiri akufungatira, zitosi zimagwa pakhonde tsiku lililonse. Koma mankhwala ake ndi katoni yakale basi, kuyala pansi n'kumasintha. Ndipo lendi amalipira: chakudya chawo ndi tizilombo touluka, ntchentche, udzudzu, ngumbi zikatuluka ndiye phwando. Sakhudza chimanga, salowa m'munda wa mapira ngati mpheta.

Musawasokoneze ndi anamzeze aja amadzaza pa mawaya a magetsi nyengo yadzinja. Ambiri mwa amenewo ndi alendo ochokera kumayiko a ku Ulaya ndi Asia. Amafika cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo, ndipo kuno samanga zisa, amakaswera kwawo. Awa apakhonde ndi akuno konkuno.

Ndisadziyeretse. Ndili mwana legeni sinkachoka m'khosi, ulimbo ndinkatchera, apumbwa ndi njiwa ndinadya osawerengeka. Koma agogo ankati mbalame yomwe yasankha denga lako siiponyedwa mwala, ndipo ukayerekeza unkalawa chibonga. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi zikhulupiriro za akuluakulu. Pano ndikaona mmene tamangira m'matauni, ndimawamvetsa. Pabwalo tathira simenti paliponse, matope a chisa awatenga kuti? Makoma tapaka penti woterera, dothi silimata. Mitengo tinamaliza ndi makala. Kenako timadandaula kuti masiku ano mbalame sizikuoneka ngati kale.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi mwana wanga wamng'ono. Chaka chatha anakhala pampando theka la tsiku kudikira kuti aone kamwana koyamba kakutuluka pakhomo paja. Kanasuzumira, kanabwerera, kanasuzumiranso, kenako pululu mpaka pa mtengo wa mango. Anakuwa ngati timu yake yagoletsa chigoli. Foni tsiku limenelo sanaipemphe.

Tagwirizana kuti laimu tipaka, koma pakona paja tisiya. Mayi akuti katoniyo ndizikataya ndekha m'mawa uliwonse. Ndavomera.