4 October ndi tsiku lathunso, musandipsetse mtima

Ndikulemba pano chifukwa ndikadalemba mu gulupu muja bwenzi pano atandichotsa kale. Dzulo mayi wina wa mu gulupu yathu ya aMalawi okhala kuno ku Harare anaponya kavidiyo kochokera kwa abale awo ku Tete, chikondwerero cha pa 4 October, tsiku lokumbukira mtendere kwawoko ku Mozambique, pamene anasainirana zothetsa nkhondo yapachiweniweni mu 1992. Ana asukulu atandandalika pamzere, azimayi a zitenje zofanana akuimba, abusa ndi mashehe atakhalira limodzi pansi pa tenti, kenaka gule kulowa m'bwalo fumbi koboo, mbalule ikulira mpaka foni kunjenjemera m'manja. Ndiye kamnyamata kena, mwana wa achemwali anga enieni, kobadwira pa Mufakose pompa, nkulemba kuti "nde ife zikutikhudza chani zimenezi, ndi za a Moza izi, angofuna pomwera mowa, musatithere data." Ndipo anthu akuluakulu, a ndevu zawo, a zidzukulu zawo, kumaika tinkhope toseka pansi pake.

Zikukukhudza chani? Iweyo?

Iwe amene Disembala aliyense umakwera basi pa Roadport kapena pa Mbare, kutsamira pampando, kutseka makutu ndi nyimbo zako, kudzuka pa Nyamapanda kudinditsa pasipoti, kugonanso, kudzukira pa mlatho wa Zambezi kujambula zithunzi zoika pa status, madzulo uli pa Zobue ukugula chipisi, usiku uli kwa agogo ako ukudya nsima ya nkhuku. Ukuganiza msewu umenewo unangogwa kumwamba uli choncho? Tulo timene umagona m'basi mo ndi ta pa 4 October 1992, mwana iwe. Ukamati sizikukukhudza ndiye kuti sukudziwa kuti msewu wakwanu umadutsa m'dziko la yani. Kuchoka pa Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600 ndipo chigawo chachikulu chapakati pakecho ndi Mozambique, Cuchamano, Changara, Tete, Moatize, mpaka kukatulukira ku Mwanza. Palibe njira ina yachidule, ukafuna kuzemba ndiye uzungulire ku Chirundu, Lusaka, Chipata, Mchinji, mtunda woposa kawiri, ndalama zake uzichotse pati iwe wodandaula za data.

Ine msewu umenewo ndinauyenda nthawi ya nkhondo ndili kamnyamata, pa lole ya amalume anga amene ankanyamula katundu wa ku Malawi. Sunkangoti ndafika pa boda ndikudutsa ayi. Malole ankaunjikana pa Nyamapanda mzere wautali kudikira asilikali a Zimbabwe oti aperekeze, anthu kuphika pansi pa matayala, kugona pansi pa lole, tsiku lonyamuka aliyense chete ngakhale madalaivala olongolola aja. Amalume anandiuza chinthu chimodzi chokha, ukamva kulira ugone pansi pa mpando osadzutsa mutu, ndipo lole yakutsogolo ikaima ife sitiima. M'mbali mwa msewu munali zigoba za malole opsa, ena atagona chammbali dzimbiri lokhalokha, ndipo amalume ankadziwa kuti iyi inali ya kampani yakuti, dalaivala wake anali wa ku Mulanje, uyu sanapezeke. Panalibe zoti imani ndikataye madzi, umangozimana mpaka ku Tete. Titafika pa Zobue amalume anatsika nkukhala pansi pa dothi penipeni, manja akunjenjemera osatha kuyatsa ndudu, munthu wamkulu amene kunyumba tonse tinkamuopa. Ndiye lero mwana wa mlongo wanga azindiuza kuti anthu ovina chifukwa zimenezo zinatha angofuna pomwera mowa. Mxii.

Olo atamwa mowawo, vuto lili pati? Amwe! Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa pa nkhondo imeneyo kuyambira 1977, otsalawo asamwe?

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri si mwanayo, mwana ndi mwana, wabadwa wapeza msewu uli bwinobwino. Ndi inu akuluakulu oseka inu. Inu mukudziwa bwino lomwe kuti chaka cha 1991 msewu wa Tete unachita kutsekekeratu asilikali a Zimbabwe atasiya kuperekeza, mukudziwa ndi maliro angati amene tinaika kuno osati chifukwa chofuna koma chifukwa panalibe podutsa nawo. Bambo anga amene anamwalira chaka chimenecho, munthu woti moyo wake onse ankangonena za kwawo ku Ntcheu, kuti ine mukadzandiike pafupi ndi mayi anga, ali gone kuno ku Harare mpaka lero ndipo achemwali awo anamva za malirowo pa kalata patapita miyezi. Ena mwa inu munali pa maliro pomwepo, munanyamula nawo bokosi. Lero mukuseka. Mwaiwala kapena mukungofuna kuoneka amakono pamaso pa ana?

Tsikuli ndi lathu. Ndikubwereza, ndi lathu. Malawi inasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, dziko laling'ono ngati lija, ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Mwanza, ku Dedza, ku Ntcheu, mpaka ku Nsanje alendo anachita kuchuluka kuposa eni mudzi. Anthu anagawana minda, zitsime, nkhuni mpaka mapiri kuyera, ena anakwatirana, ana awo ndi azisuweni athu amene timawatumizira ndalama lero lino. Njanji ya ku Beira inafa, ya ku Nacala inali yoyendera mwamantha, mlatho wa Dona Ana anauphwasula mu 1986, katundu wa Malawi kumazungulira mpaka ku Durban, ndiye mukuganiza mchere ndi feteleza zinkadula chifukwa chani. Kuno nakonso, ana a anthu a ku Highfield ndi ku Mabvuku anavala yunifomu kukalondera njira ya Beira ndi paipi ya mafuta, ena anabwera m'mabokosi. Anthu a ku Rushinga, ku Mudzi, ku Chipinge ankagona kutchire kuopa a Matsanga, zigawenga za Renamo, odumpha malire usiku. Makampu a Tongogara ndi Nyangombe anadzadza ndi ndani? Ndipo nkhondoyo anaiphika pompano boma la Ian Smith mzinda uno ukadali Salisbury, azungu a ku South Africa nkudzaisonkhezera, basi za ndale zake ndisiyire pomwepo. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Ndevu zimenezo zinapsa ndi zathu zomwe, fungo lake tinalimva tonse, nde lero moto utazima tiziti phwando ndi la eni ake?

Ndipo musaganize kuti zinali zophweka kuti anthu aja asainirane. Zokambirana zinayamba mu July 1990 ku Rome, kwa a Katolika a Sant'Egidio, zaka ziwiri ndi miyezi anthu akukanganirana pa tebulo kwinaku kumudzi mfuti zikulira, chilala cha 1992 chikupha ziweto ndi anthu omwe, kuno tikudya ufa wachikasu uja. Bishopu wa ku Beira Jaime Gonçalves analimbikira osatopa, ndi wansembe Matteo Zuppi amene pano ndi kadinala, mpaka pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anagwira cholembera pa 4 October, Mugabe ali pomwepo, Masire wa ku Botswana ali pomwepo. Mtsogoleri wa dziko limene mukukhalali anakwera ndege kukachitira umboni, inu nkumati sizikutikhudza, inu ndinu akulu kuposa ndani? Asilikali a Zimbabwe anabwerera kwawo mu 1993, mu 1994 a Mozambique anavota, anthu a m'makampu anasenza mitolo kubwerera kukapeza midzi yawo itamera tchire, ena kuponda mabomba okwirira m'minda mwawo momwe. Ife kuno tinangoona mabasi ayamba kudutsa pa Tete opanda msilikali, tinakwera, sitinathokoze aliyense, mpaka lero.

Wina anandilembera kumbali kuti amalume musakwiye, mtendere wakewo uli kuti poti anayambanso kumenyana. Ndikudziwa bwino kuposa iwe. Ndikudziwa za 2013, ndikudziwa kuti magalimoto anayambanso kuyenda moperekezedwa ku Muxungue, ndikudziwa kuti mu 2016 anthu masauzande a ku Tete anathawiranso ku Kapise ku Mwanza, mpaka pulezidenti Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade wa Renamo anasainiranso china pa 6 August 2019, ndipo za ku Cabo Delgado sizinathe. Nanga si ndiye chifukwa chake choti anthu aziimba ng'oma chaka ndi chaka? Ukuona ngati amene anathawapo kawiri ndi mwana kumbuyo amavina chifukwa sakudziwa kuti zingabwerenso? Akudziwa, nchifukwa chake akuvina mwamphamvu choncho. Ife amene tikukhala mbali ino tikadakhala anzeru bwenzi tikuvina nawo, kapena tingokhala chete mwaulemu, osati tinkhope toseka.

Komanso gule amene munamuseka mu vidiyo uja ndi wa ndani? Si yemweyo amatuluka ku Dzivarasekwa ndi ku Mufakose pa maliro a akuluakulu athu, amene anzathu a Chishona amathawa akamuona? Nyimbo zimene azimayi aja ankaimba munamva mawu ena achilendo? Chichewa chokhachokha, chomwechi ndikulembachi. A UNESCO pomulemekeza gule wamkulu mu 2005 anatchula mayiko atatu, Malawi, Mozambique ndi Zambia, sanati ndi wa aMalawi okha. Pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano mukaone, msewu ndiwo malire, mbali iyi Ntcheu mbali iyo Mozambique, mbatata ya kachewere imene mumagula pamenepo simufunsa kuti yalimidwa mbali iti. Agogo athu ambiri amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi anadutsa pa Tete wapansi, ena anali a ku Tete komweko anangolembetsa kuti ndi a Nyasaland pofuna chitupa, fufuzani bwino mbiri yakwanu musanaseke, mwina mukuseka agogo anu. Kuno amatinena tonse kuti ndife obwera, sasiyanitsa kuti uyu wa ku Dedza uyu wa ku Furancungo, ife tokha nkumasankhana mu gulupu ya WhatsApp, zamanyazi.

Ine sindikupempha kuti tichite lendi holo kapena tiitane nduna. Tsiku limodzi pachaka, mayi wina waponya vidiyo ya kwawo, mungolemba kuti zikomo mayi, tili limodzi. Mawu anayi. Data yake ndi yochepa kuposa mavidiyo a mpira ndi a aneneri amene mumatidzadzira nawo mafoni usiku onse popanda wodandaula. Mayi aja afufuta vidiyo yawo mmawa uno ndipo sanalembenso kanthu, munthu woti pa maliro aliwonse a mu gulupu muja amakhala woyamba kufika ndi mphika wake.

Ndipo poti tafika pa nkhani ya maliro, oseka omwewo ndi amene simusonkha. Msungichuma walemba mayina kangati mwezi uno, anthu kumangowerenga nkudutsa, ena muli ndi ngongole ya chaka chatha, koma tsiku limene kwanu kwagwa zovuta mumafuna galimoto ya ngolo ifike pakhomo mmamawa, mafuta odzadza, mapepala a pa boda okonzeka, thupi likagone ku Thyolo. Ndalama zake za ndani? Loweruka kuli msonkhano kwa a tcheya, aliyense abwere ndi zake m'manja, za EcoCash yavuta sitimva.